Mapazi a Apongozi

Anzanga a kwathu ku Dedza amati ndimakokomeza ndikawauza kuti ndinakhala nyumba imodzi ndi apongozi anga aamuna koma maso awo sindinkawadziwa bwinobwino. Chimene ndinkadziwa ndi nsapato zawo. Ndikanatha kukuuzani mbali imene chidendene chinadyeka, ndi chingwe chimene chinali chachifupi kuposa chinzake.

Ine ndine Marjorie. Ndinakwatiwa ndi Wanangwa, mwana wa a Fyson Manda a ku Chintheche, ndipo timakhala ku Ching'ambo kuno ku Mzuzu. Wanangwa amayendetsa thiraki yokatenga mafuta ku Dar es Salaam, ine ndimagulitsa kaunjika mumsika. Apongozi anga aakazi atamwalira tinawatenga a Manda kuti azikhala nafe, ndipo m'nyumba tonse tinkawatchula kuti adada.

Pamene ndinkalowa m'banjali, azakhali a Wanangwa anandikhazika pamphasa n'kundiwerengera malamulo. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, sayang'ana apongozi ake aamuna kumaso. Sawapatsira chinthu m'manja, amagwada n'kuika pansi. Sawakhudza. Za thupi lawo si nkhani yake, ndipo akakhala ndi mawu amatuma munthu. Ambiri m'tauni muno anazisiya kalekale zimenezi, koma adada anali munthu wakale, mkulu wa mpingo, ndipo ine sindinkafuna kuti wina adzati Achewa salangika. Ndinkazisunga mpaka kupitiriza muyeso, ndipo ndinkanyada nazo.

Adada anali Mtonga weniweni pa nkhani ya kutchena. Anagwirapo ntchito ya ukalaliki ku esiteti ya tiyi, ndipo ngakhale anapuma, m'mawa uliwonse ankatuluka m'chipinda atavala malaya ositidwa, tayi, jekete ndi nsapato zopolishidwa, ulendo wake wongokakhala pa sofa kumvera wailesi. Wanangwa ankawaseka kuti tsiku lina nyumba ikadzapsa, adada adzayamba afunsa kumene kuli tayi.

Zimene ndikunenazi zinachitika mu Julaye wa 2021. Amene amaudziwa Mzuzu akudziwa kuzizira kwa mwezi umenewo, kamvula kowaza tsiku lonse, zovala osauma pa chingwe. Kolona anali atabweranso mwamphamvu. Pa wailesi zinali zamaliro zokhazokha, ndipo munthu akatsokomola m'minibasi onse ankatembenuka. Wanangwa anali ku Tanzania, pa mzere wodikira mafuta.

Ine ndinali nditatuluka ziwengo m'manja ndi pamimba, zotupa zoyabwa zimene zinkabwera m'mawa n'kusowa madzulo, mawa lake n'kutulukira pena. Mutu unkawawa pang'ono. Ndinati ndi belo yatsopano imene ndinatsegula, poti zovala za kaunjika zimabwera ndi mankhwala ake onunkha aja. Za kolona sindinaziganizire n'komwe. Tonse tinkadziwa kuti kolona ndi chifuwa, kutentha thupi ndi kusamva fungo, ndipo ine fungo ndinkamva.

M'mawa wina ndinalowa ndi tiyi, n'kugwada patsogolo pa adada monga mwa masiku onse, n'kuwapatsa moni m'chilankhulo cha konkuno.

"Mwawuka uli, adada?"

"Tawuka makora, mkamwana. Yewo."

Maso anga anali pansi, pamalo pake. Koma tsiku limenelo panalibe nsapato. Adada anali atavala masilipasi a kubafa, opanda sokosi, pamwamba tayi ili m'khosi. Khungu la mapazi awo, kuyambira pa akakolo kutsika, linali ndi mizere yakuda yolukanalukana ngati ukonde. Zala zitatu za phazi lamanzere zinali zitada mosiyana ndi zinzake, kuda kofiirira, konyezimira. Ndinaika kapu patebulo, n'kubwerera chambuyo mpaka kukhitchini.

Ndinamuimbira Wanangwa nthawi yomweyo.

"Mapazi a adada sali bwino," ndinatero. "Ada, ndipo ali ndi mizere. Auzeni tipite kuchipatala."

"Iwe mapazi a adada umawayang'ana chifukwa chiyani?"

"Nanga mukufuna ndiziyang'ana pati? Kumaso munandiletsa ndinu nomwe."

Anaseka, ine osaseka. Anati awaimbira. Posakhalitsa ndinamva foni ikulira pabalaza, kenaka mawu a adada akuyankha m'Chitonga chawo, modekha, mpaka kuseka. Wanangwa anandiimbiranso kuti ndisiye kudzidzimutsa anthu. Adada akuti ndi kuzizira chabe, nsapato zikuwathina chifukwa cha nyengo, ndipo munthu wa kunyanja sagwirizana ndi mphepo ya ku Mzuzu. Anawonjeza kuti adada adabwa kuti nkhani ya mapazi awo yafika ku Dar es Salaam.

Mawa lake adada anatuluka atavala sokosi ziwiriziwiri. Moni wanga anayankha mwachidule. Ndinachita manyazi ngati ndagwidwa ndikusuzumira pa windo la eni, koma manyaziwo sanachotse mantha. Ndinkati ndikatseka maso ndinkaona zala zija.

Ndinasiya kupita kumsika. Ndinkangozungulira m'nyumba kufunafuna zifukwa zolowera pabalaza, mwina kupukuta tebulo loyera kale, mwina kusuntha makatani. Ndinayamba kuona zinthu zimene munthu woyang'ana pansi amaziona. Phazi lamanzere ankalikoka poyenda. Popita kubafa ankagwira khoma. Mbale inkabwerera chakudya chili momwemo, atangochisuntha ndi supuni kuti chioneke ngati chadyedwa. Popemphera madzulo ankaima pakati pa mawu kuti apume, pamene kale pemphero lawo linkayenda osapumira mpaka ndiwo kuzizira. Koma sankatsokomola, ndipo ndikagwada pafupi sindinkamva kutentha kulikonse.

Ndinaitana mlamu wanga Tina, mlongo wake wa Wanangwa, amene amaphunzitsa sukulu ndipo amakhala ku Salisbury Lines. Ndinati uyu ndi mwana wawo, akalankhula amva. Anabwera atavala masiki, n'kukhala pampando wa pakhomo. Ndinkamvetsera ndili kukhitchini. Adada anadzikoka, anawongola tayi, anamufunsa za ana ake a sukulu, anamuseka kuti wanenepa. Za mapazi anangoti, "Ukalamba, mwana wanga." Tina anatuluka akumwetulira.

"Mlamu, adada ali bwino chomene," anandiuza kuseri kwa nyumba. "Achikulire magazi sayenda bwino kukazizira. Muziwayatsira mbaula aziwotha."

"Mwawaona mapaziwo?"

"Avala sokosi."

"Ndiye bwererani mukawauze avule."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Ine ndikawavule adada sokosi? Mlamu, inunso. Komanso kuchipatala masiku ano mukukudziwa. Munthu amapita ndi chala, n'kukatengako kolona."

Apo ndiye anandigwira pakamwa, chifukwa mantha amenewo nanenso ndinali nawo. Ndikawakakamiza kupita, n'kukatenga matenda kumeneko, adzati ndani wawapha? Mkamwana wa ku Dedza. Tina anandisiyira masamba a bulugamu kuti adada azifukiza, n'kumapita. Ndinatsala nditagwira masamba m'manja, mtima ukuwira. Nyumba yonse ya anthu ophunzira, koma munthu mmodzi yekha amene anaona mapaziwo ndi amene analibe pakamwa.

Ndinachita zimene anandiuza. Ndinkayatsa mbaula m'mawa, makala akayaka bwino n'kuilowetsa pabalaza, chitseko chili chotsegula. Adada ankayandikiza mapazi. Tsiku lililonse ndinkadziuza kuti mawa ndilankhula, mawa likafika ndinkagwada, kupereka moni, n'kutuluka. Ziwengo zanga zinkayabwa ndipo ndinkazikanda mpaka kutuluka magazi, kaya chifukwa cha kuyabwako kaya chifukwa cha nkhawa.

Tsiku limene zinthu zinasweka kunali kamvula kuyambira m'mawa. Ndinali kukhitchini ndikusenda mbatata pamene ndinamva fungo la nsalu yopserera. Ndinayang'ana chitenje changa, ndinayang'ana pa moto wanga, palibe. Ndinathamangira pabalaza. Adada anali atatsamira sofa, maso otseka pang'ono, wailesi ikulankhula. Phazi lamanzere linali litagunda chitsulo cha mbaula, ndipo sokosi inkafuka utsi.

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinagwada. Munthu akupsa, ine ndinayamba ndagwada pakhomo n'kunena mwaulemu kuti, "Pepani adada, moto." Mpaka lero ndikakumbukira ndimafuna kudzimenya khofi.

"Mwati bwanji, mkamwana?" anafunsa osasuntha.

Pamenepo ndinazindikira kuti sakumva kupsako. Ndinalumpha, ndinakankha mbaula, ndinagwira phazi lija ndi manja awiri n'kuzimitsa sokosi ndi chikhato. Ndinavula zonse ziwiri. Pambali pamene panagunda chitsulo panali thuza lalikulu, koma phazi lonselo linali lozizira ngati botolo lochokera mufiriji. Zala zija zinali zitaderatu, ndipo ukonde uja unali utakwera kufika pa katumba.

"Mkamwana, mukuchita chiyani?"

"Ndikukugwirani, adada. Nkhuku ya mlandu ndidzapereka."

Ndinakweza maso n'kuwayang'ana kumaso. Anali ndi maso aang'ono ofatsa, ofanana ndi a Wanangwa. Milomo yawo inali yotuwa ngati phulusa, ndipo mphuno zinkatakataka pofuna mpweya. Sanakalipe. Anayang'ana phazi lawo lili m'manja mwanga ngati ndi la munthu wina.

"Silikumva kanthu limeneli," anatero motsitsa mawu. "Papita masiku."

"Nanga bwanji osanena?"

"Ndikanauza ndani? Mwana wanga wamwamuna ali kutali. Ndikanauza inu?"

Ndinathamangira kwa a Foster, oyandikana nafe nyumba amene ali ndi kagalimoto ka hayala. Atamva kuti ndi wodwala wobanika anazengereza, kenaka anavala masiki awiri n'kutsegula mawindo onse. Adada anakana kutuluka opanda jekete. Ndinawaveka ndine, ndinaika dzanja lawo paphewa langa, n'kuwakweza m'galimoto. Anali opepuka kuposa m'mene suti inkawaonetsera. Msewu wa ku Ching'ambo unali matope okhaokha, galimoto inkaterereka, ndipo njira yonse ndinali nditafungatira phazi lija pamiyendo panga, nditalikulunga m'chitenje. Ndinkalisisita kuti mwina lifunde. Silinafunde.

Kuchipatala anatilandirira mu tenti ya panja. Adokotala anali mayi wachitsikana, wovala zodzitetezera thupi lonse, maso okha kuoneka. Anapanikiza kachipangizo pa chala cha adada, anayang'ana manambala, ndipo ndinaona maso ake akusintha. Anaitana anamwino kuti abweretse mpweya mwamsanga. Anatitokosa m'mphuno tonse awiri. Kenaka anagwada n'kuvundukula chitenje chija, anakanikiza khungu ndi chala, anafufuza kugunda kwa magazi pamwamba pa phazi nthawi yaitali.

Zotsatira zinabwera tisanachoke pa benchi. Tonse awiri tinali ndi kolona.

"Koma satsokomola," ndinatero. "Ngakhale ine sinditsokomola. Kolona wa m'mapazi munamuona kuti?"

Adokotala ananditengera pambali. Anati kachilomboka sikathera m'mapapo mokha. Mwa anthu ena kamavulaza timitsempha ting'onoting'ono ta magazi, magazi n'kumaundana m'katimo. Pamene magazi akuyenda movutika khungu limaonetsa mizere ngati ukonde, ndipo pamene atsekeratu mnofu umayamba kufa, n'chifukwa chake zala zada ndipo sizikumva moto. Anati zoterezi zimathanso kubwera ndi matenda ena monga shuga, choncho ayeza zambiri, koma kwa munthu wachikulire amene mpweya watsika chonchi, nthawi zambiri ndi chizindikiro choti matenda alowa kwambiri. Anati ena mpweya umatsika m'magazi iwo osazindikira msanga.

Ndinapinda malaya n'kumuonetsa mikono yanga. Anayang'ana ziwengozo osazigwira.

"Izi n'zosiyana," anatero. "Mwina ndi thupi lanu limene likulimbana ndi kachilomboka, ndipo pa nkhondo imeneyo khungu limatupa n'kumayabwa. Zimatha zokha. Achinyamata ena zala za kuphazi zimatupa n'kufiira ngati zapsa ndi chisanu, nazonso zimapola. Za bambowa n'zimene zikundidetsa nkhawa. Munaziona liti koyamba?"

Ndinamuuza.

"Ndi bambo anu?"

"Ndi apongozi anga."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ndipo sanafunsenso china. Kalankhulidwe kake kanali ka konkuno, malamulo a mkamwana ankawadziwa. Kukhala chete kwakeko kunandipweteka kuposa akanandikalipira.

Adada anawakhazika pa njinga ya odwala, chigoba cha mpweya chili kumaso, jekete ili pamapewa. Pamene ankawatembenuza kuti alowe nawo ku wodi imene abale saloledwa, anakweza dzanja kuti aime. Anasuntha chigobacho pang'ono.

"Yewo, mkamwana," anatero. "Mupite mukapume."

Ine anandibweza kunyumba ndi lamulo loti ndidzipatule, ndisatuluke, ndisalandire alendo. Masiku amenewo sindidzawaiwala. Nyumba inali zii. Foni ndinkayenda nayo m'manja ngakhale popita kubafa. Tina ankapita kuchipatala kukasiya chakudya pa geti, n'kundiimbira zimene anamwino amuuza. Lero akuti adya phala pang'ono. Lero akuti awonjezera mpweya. Lero akuti akuwabaya mankhwala osungunula magazi, koma za phazi adikira kaye mapapo akhazikike. Tina sankanditchulanso za kuzizira. Tsiku lina analira pa foni n'kunena kuti, "Mlamu, munandiuza." Ndinamuyankha kuti asiye, chifukwa nanenso sindinkafuna kumva.

Wanangwa ankaimba kangapo pa tsiku. Thiraki yodzaza mafuta sungaisiye panjira n'kukwera basi, ndipo kumalire ankachedwetsa madalaivala ndi zoyezayeza. Ankangofunsa funso limodzimodzi, ngati adada amutchula. Ndinkamuuza kuti sindikudziwa, sindili nawo. Ndinkapemphera mokalipa, ndikuuza Mulungu kuti atenge phazilo ngati akufuna, atenge mwendo wonse, koma munthuyo atisiyire.

Foni ya Tina inabwera masana, ndikuyanika zovala pa kadzuwa koyamba kuoneka sabata imeneyo. Ndinangomva kulira kwake, ndipo ndinakhala pansi pomwepo pa udzu wonyowa.

Maliro a kolona anali ndi malamulo ake. Thupi analikonza a zaumoyo, analikulunga m'pulasitiki, bokosi n'kukhomeratu. Panalibe kusambitsa, panalibe kuona nkhope, panalibe kugona pa siwa. Anapita nalo ku Chintheche n'kuika mofulumira, abale ataima patali. Tina anati sakudziwa n'komwe ngati anawaveka tayi. Ine sindinapite chifukwa masiku anga odzipatula anali asanathe. Wanangwa anaoloka malire manda atafotseredwa kale.

Anafika kunyumba cha m'mawa, osadzera n'komwe kumudzi, maso ali psu, ndevu zosameta. Ndinamuona pa windo akutsegula geti, ndipo ndinatuluka n'kuima pakhonde.

"Imani pomwepo," ndinatero. "Sindinachire. Musayandikire."

Anaima pakati pa bwalo, chikwama chili m'manja. Ndinali nditakonzeka. Masiku onse aja ndinkayeserera zimene ndidzayankhe akadzandifunsa chifukwa chimene ndinachedwera, kapena amene anabweretsa matendawa m'nyumba, ndipo ndinali nditasunganso mawu anga okhudza kuseka kwake pa foni paja. Koma sanafunse zimenezo.

"Tina akuti palibe amene anawagwira," anatero. "Iye sanawagwire. Azakhali sanawagwire. Akuti womaliza pa abale ndiwe."

"Ndine."

"Unawagwiradi?"

"Ndinawagwira. Ndinawavula sokosi, ndinawaveka jekete, ndinawanyamula. Ngati pali mlandu, ndauvomera."

Anaika chikwama pansi. "Ndi dzanja liti?"

"Onse awiri."

Anayamba kuyenda kubwera pakhonde. Ndinamuuza kuti abwerere, ndinamuuzanso kachiwiri mokweza, ndinabisa manja kumbuyo. Sanamve. Anagwada pa sitepe, anakoka manja anga onse awiri ndi zipsera zake za ziwengo, anawaika kumaso kwake, n'kuyamba kulira ngati mwana.